Ndevu za Bambo

Ntchito yanga ndi yochapa. Ndimachapa nsalu za chipatala, chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi, ndipo ndikawauza anthu choncho amayamba andiyang'ana manja, nkhope pambuyo. Kumene timachapirako ndi kuseri, pansi pa mawodi, m'chipinda chachitali chotentha ngati mphika wovundikira. Pakati pake pali mzere wofiira wa penti, wochokera khoma ili mpaka khoma linalo. Uku ndi kwa zakuda, uko ndi kwa zoyera. Nsalu imalowera kwa zakuda, n'kudutsa m'makina, m'madzi owira ndi mankhwala, n'kukatulukira kwa zoyera, ndipo siibwerera. Munthu wa kwa zakuda saponda kwa zoyera. Ngakhale kiyi wake agwere komweko, amaima pamzere n'kukuwa kuti wina amuponyere.

Ine ndine wa kwa zakuda. Ndimamasula matumba ndi kusankha nsalu. Amene sanaigwirepo ntchitoyi amayesa kuti nsalu ndi nsalu basi, komatu nsalu siisunga chinsinsi. Ndikangoitambasula ndimadziwa ngati amene anagonapoyo amadya kapena ayi, ngati amatembenuka yekha kapena amachita kutembenuzidwa. Mliri utafika, matumba ofiira, a nsalu zochokera ku wodi ya odwala nthendayo, anayamba kubwera ambiri moti tinkasowa poponda. Ndinkawaona tsiku ndi tsiku, ndipo mantha anandilowa m'mafupa. Sindinkadziopera ndekha. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzainyamula nthendayo pamalaya n'kukawapatsa Bambo.

Timakhala awiriwiri, ine ndi Bambo. Mayi anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo achimwene amagwira ntchito kutali, amatilamulira pafoni. Bambo anayendetsa basi zaka makumi atatu, ali ndi matenda a shuga, ndipo ndi munthu wamakani osatha. Ngakhale anapuma ntchito, m'mawa uliwonse ankasita shati yawo okha, n'kuipisira bwinobwino, n'kumanga lamba, ngati kuti basi ikuwadikira kudepoti. Ulendo wake unali wa pakona pomwepa, kwa a Lumo, wometa wa mumsewu mwathu. M'kanyumba ka a Lumo munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona ndi benchi. Bambo ankaswera pabenchipo, kukangana ndi a Lumo za mpira, ndipo Lachisanu lililonse ankakwera pampando kuti awamete ndevu. Chiyambire ndili mwana sindinawaonepo akudzimeta okha.

A Lumo anali ndi chipeso chimodzi chimene sankapesera munthu aliyense. Chinali chakuda, chothyoka mano atatu pakati, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Ankachisunga m'thumba la pachifuwa, ndipo mkangano ukafika pampondachimera ankachisolola n'kumalozera nacho Bambo pamphuno.

Atalamula kuti malo ometera atsekedwe ndipo okalamba asamayendeyende, ndinachita chimene ndimachidziwa. Ndinagula tepi yofiira n'kuimata pansi, pakati pa kolido. Chipinda cha Bambo ndi pabalaza, kumene kuli wailesi, kunakhala kwa zoyera. Khitchini, kachipinda kanga ndi khomo lakuseri kunakhala kwa zakuda. Pamzerepo ndinaika kampando ka chakudya ndi dengu la zovala zochapa.

"Ndiye ine ndine nsalu?" anafunsa Bambo, ataima chogwira m'chiuno.

"Ndinu nsalu yoyera, Bambo. Musadandaule."

"Chabwino, Inspekitala. Ndikaponda mzerewu mundilipiritsa zingati?"

Masabata oyambirira ankachita nazo nthabwala. Ndikaika mbale pakampando ankandichitira sawatcha. Ankasitabe shati m'mawa, n'kukakhala pafupi ndi zenera, ndipo ikakwana nayini koloko kafoni kawo kankalira. Anali a Lumo. Ndikakhala kuti ndili pa ofu ndinkawamva ndili kukhitchini akulalatirana za osewera amene sankasewera n'komwe, poti ngakhale mpira unali utaima. Bambo akadula foni ankaseka okha n'kunena kuti, "Lumo ndi mbuli, koma ndevu zanga zikumudikira iyeyo."

Kenako foniyo inasiya kulira. Bambo ankayimba, koma inali yothima.

Linali Lachinayi m'mawa pamene ndinamasula thumba lofiira, n'kukutumula nsalu ya pabedi, china chake n'kugwa pansi kuti tepe. Chinali chipeso chakuda, chothyoka mano atatu, cha waya pachogwirira. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, makina akulira, anzanga akundikuwira kuti ndikuchedwetsa ntchito. Pa nthawi ya tiyi ndinapita pakhomo la wodi ija n'kufunsa nesi wina amene timadziwana. Anandiyankha ali patali, mawu akutsamwa m'masiki.

"Agogo ometa aja? Amene ankatinena kuti tonse muno tili ndi tsitsi loipa? Anatisiya dzulo m'mawa. Aikidwa kale, panali mwana wawo mmodzi yekha."

Lamulo la kuntchito kwathu ndi loti chilichonse chopezeka m'thumba lofiira chimakatenthedwa. Ine chipesocho ndinachiviika m'mankhwala ola lathunthu, n'kuchikulunga m'pepala, n'kuchibisa m'chikwama. Pa zaka zonsezo, limeneli linali lamulo loyamba kuliswa.

Madzulo ndisanalowe m'nyumba ndinayimbira achimwene.

"Usawauze," anatero msangamsanga. "Shuga ndi chisoni siziyenderana. Akagwa pamenepo uwatengera kuti, kuchipatala chodzaza nthendacho? Dikira zinthu zikhaleko bwino."

Ndinavomera mosavuta, chifukwa nanenso ndinkaopa. Ndinakapemphanso mayi a nyumba yoyandikana nafe kuti asatulutse mawu, poti iwo aja nkhani siigona m'kamwa.

Tsiku limenelo Bambo anandidikira pamzere.

"Lumo sakuyankha. Ukamadutsa pakona paja suona kanthu?"

"Mpotseka, Bambo. Mwina foni yawo yawonongeka."

Bodza limenelo linagwira ntchito sabata imodzi. Bambo anayamba kunena kuti avala masiki akagogode kunyumba kwa a Lumo, ndipo tsiku lina ndinawapeza atavala kale nsapato. Ndinalankhula chimene chinabwera pakamwa.

"Musavutike, kulibe munthu. Ndamva kuti anapita kukakhala kwa ana awo."

Bambo anandiyang'ana ngati sanamve. "Wapita?"

"Eya. Ana anabwera kudzawatenga."

"Osatsanzika?"

"Mwina zinali zadzidzidzi."

"Kumene wapitako kulibe mafoni?" Anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikukhala pabenchi pake. Chabwino."

Ine ndinapumira m'mwamba, kuyesa kuti ndapulumutsa munthu. Uchitsiru wina umabwera utavala zovala za chikondi, ndipo wanga unali wotero.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munazizira. Sawatcha uja anatha. Dzina la Inspekitala linatha. Wailesi inkayatsidwa pa nkhani zokha, kenako inangokhala duu. Ndikafunsa kuti, "Mwaswera bwanji, Bambo?" ankayankha ali kuchipinda kuti, "Ndaswera," basi. Nthawi zina ndinkawamva akung'ung'udza okha, ndipo mawu amene ndinkatolapo anali akuti Lumo, ndi ena oti sindingawabwereze. Ndevu zinamera, zoyera, zosokonekera, mpaka zinabisa pakamwa. Ndinawaikira lezala latsopano pakampando. Linakhala pomwepo masiku atatu.

"Bambo, lezala ilo."

"Lichotsepo."

"Ndevuzo zikuyabwanitu."

"Zikuyabwa iwe?"

Koma mbale zinkabwerera zopanda kanthu, ndiye ndinkadzitonthoza kuti bola akudya. Ndinkawaona kwa mphindi zochepa patsiku, ali patali, m'kolido mwamdima, ine nditatopa. Chimene chinanditsegula maso ndi dengu la zochapa.

Kale m'dengumo munkakhala mashati asanu ndi awiri pa sabata, iliyonse ili ndi kamzere ka litsiro pakolala, kamene ndinkakalimbana nako ndi burashi uku ndikudandaula. Sabata ina ndinapezamo mashati atatu, makolala ake ali mbee. Sabata yotsatira munalibe shati ngakhale imodzi, koma vesiti imodzi yokha ndi buluku logonera. Nsalu ya pabedi inali yokwinyika mbali imodzi, pena ponse pali posalala, monga zimakhalira nsalu za odwala amene asiya kutembenuka. Ndinaigwira m'manja ndili chiimire. Nsalu zotere ndimazidziwa, ndipo ndimadziwanso thumba limene zimatsatira.

Ndikukayanika kuseri, ndinadutsa pansi pa zenera la chipinda chawo, kumene sindinkapitako kawirikawiri. Panali mulu wa mpunga ndi zidutswa za buledi, zina zochita chuku, nyerere zili piringupiringu. Mbale zija zinkabwerera zoyera chifukwa chakudya chinkathera pamenepo. Ndinakhala pansi pomwepo, beseni lili pamiyendo, n'kulira ngati mwana. Munthu wa shuga, akumwa mankhwala m'mimba mopanda kanthu. Ndinawatchinga ku nthenda yakunja, ndipo ankandithera m'nyumba momwemo, mapazi asanu kuchokera pamene ndinkaphikira.

M'mawa mwake kuntchito ndinasakaniza matawulo ndi nsalu za kuchipinda cha opareshoni. Akapitawo athu, mayi wamkulu thupi amene wakhala pamalopo kuyambira makina asanabwere, anandiitanira panja pa nthawi ya tiyi. Tinakhala motalikirana, aliyense pa ndowa yake yovundikira.

"Iwe sulakwitsa ntchito. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, za tepi, za chipeso, za mpunga wa pazenera. Za chipesozo anangotsinzina diso limodzi ngati sanamve. Koma za tepi zinawaseketsa mpaka kutsokomola.

"Mwana iwe, unakopera ntchito theka. Muno muli mzere, inde. Nanga pakati pa mzerewo pali chiyani?"

"Makina."

"Eya, makina. Nsalu yakuda imadutsa n'kukafika uko. Tikanati tingolemba mzere popanda podutsira, bwenzi odwala onse akugona pa matilesi osayala. Iwe umasamba, umasintha zovala, umavala masiki, koma kunyumba kwako sunayerepo ngakhale tsiku limodzi? Miyezi itatu?"

"Nanga ndikawapatsira, mayi?"

"Ukhoza kuwapatsira. Sindikunamiza, ine ndaika mng'ono wanga mwezi wathawu. Koma kali kokha n'kanyama. Ukuwasungira ndani bambo akowo, nyerere?"

Loweruka ndinali pa ofu. Ndinasamba mpaka khungu kuwawa, n'kuvala diresi imene ndinaiwiritsa ndi kuisita, ndi masiki atsopano. Ndinaima pamzere, chipeso chili m'manja. Kenako ndinaulumpha. Ndinatsegula mazenera onse a pabalaza, n'kugogoda kuchipinda kwa Bambo.

Anali atagona chagada, dzuwa lili pamutu. Atandiona pakhomo anadzuka pang'onopang'ono. Ndili pafupi choncho ndi pamene ndinaona mmene anathera. Khosi linali litalowa, ndipo lamba wopachikidwa pampando anali ndi mabowo awiri atsopano, oboola ndi msomali.

"Walumpha mzere," anatero. "Kwagwanji?"

Ndinagwada patali pang'ono, n'kutambasula pepala lija, n'kuika chipeso pabedi. Sanachigwire. Anangochiyang'ana.

"Wachitenga kuti?"

"Kuntchito, Bambo. Chinali mu nsalu za ku wodi ya mliri. A Lumo sanapite kwa ana awo. Anadwala, anagonekedwa, ndipo anatisiya."

"Liti?"

"Papita masabata asanu."

"Asanu." Anawerenga pa zala, ngati akuwerenga masiteji a basi. "Ndiye tsiku lija ndinavala nsapato, iwe unkadziwa."

"Ndinkadziwa. Ndinkaopa shuga wanu. Achimwene nawonso anati..."

"Usanditchulire achimwene ako. Amene anaima pamzere paja n'kundiyang'ana m'maso ndi iwe." Sanakweze mawu. Bola akanakuwa. "Ukudziwa chimene ndakhala ndikuchita m'chipinda muno? Ndakhala ndikumutukwana. M'mawa uliwonse, nayini koloko ikakwana, ndimamutukwana Lumo. Ndimati galu, wanditaya ngati tsitsi losesa. Ndimati ngati munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu angachoke osatsanzika, mwana wanga n'kumandiikira chakudya pakampando ngati mkaidi, ndiye kuti ine ndatha, ndikungodya chakudya cha anthu. Ndipo nthawi yonseyi mnzanga ali m'dothi."

"Pepani, Bambo."

"Imfa ndimaidziwa ine. Ndinaika amayi ako, sindinafe. Ukanandiuza ndikanalira, n'kutha. Koma iwe wandisiya ndikutukwana maliro masabata asanu."

Anatola chipeso chija, n'kupititsa chala pamene panathyoka mano, kenako anati, "Tuluka. Tseka chitseko."

Ndinatuluka. Ndinakhala pansi m'kolido, msana uli kuchitseko, kumbali imene ndinkati ndi ya zoyera. Ndinawamva akulira, kulira kwa munthu wamkulu kumene kumatuluka movuta ngati chifuwa. Ndinachita mantha kuti achimwene ananena zoona, kuti ndawamaliza ndi manja anga. Chakudya chamasana sanachikhudze. Chamadzulo anamwa tiyi yekha ndi kachidutswa ka buledi, koma mbale inabwerera ndi zotsala zake, sanataye pazenera. Kwa ine chimenecho chinali chinthu.

Lamulungu sanandilankhule. Lolemba ndinapita kuntchito mutu uli kunyumba, ndipo ndinayimba foni katatu, osayankha. Mpaka Lachinayi tinkangodutsana. Tepi ija ndinaimatula, koma pansi panatsala chizindikiro chake, ndipo ndinkaona Bambo akafika pamenepo akuima okha.

Lachisanu ndinkalowa masana. M'mawa ndikutsuka mbale ndinamva mpando ukukwekweredwa. Nditasuzumira ndinapeza auika pakhonde, pamphepo, ndipo akhalapo, thawulo lili pakhosi. Pambali panali kabeseni ka madzi, sopo, ndi lezala lija.

"Lero n'Lachisanu," anatero osandiyang'ana. "Mwini ndevuzi kulibe. Bwera, Inspekitala."

Ndinasamba m'manja kawiri n'kuvala masiki. Ndinayamba ndi sizasi, poti ndevuzo zinali zitakula kwambiri, kenako ndinapaka sopo. Manja anga, amene amafinya mabulangete onyowa tsiku lonse, anali asanazolowere tsaya la munthu. Inali miyezi itatu ndisanawakhudze. Khungu lawo linali lofunda ndi lofewa, lolendewera pamene kale panali mnofu. Ndinkapuma pang'onopang'ono, nkhope nditaitembenuzira kumbali, uku ndikupemphera kuti mpweya wanga ukhale wabwino.

Pachibwano ndinawacheka. Magazi anatuluka pang'ono n'kusakanikirana ndi thovu.

"Mayo! Pepani, Bambo."

"Lumo anandimeta zaka zonsezi osandicheka ngakhale kamodzi," anatero, maso ali otsinzina. "Mbuli pa za mpira, koma dzanja anali nalo." Misozi inatsika n'kulemba tinjira m'thovu. "Pitiriza. Usasiye theka, ndingaoneke ngati mbuzi."

Nditamaliza analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa ndinamva fungo la simbi yotentha. Anatuluka atavala shati yoyera, yopisira, itawakulira m'mapewa, chipeso chija chikusuzumira m'thumba la pachifuwa. Anandipempha masiki. Sindinatsutse. Tinayenda mpaka pakona, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo anapuma kawiri panjira. Kanyumba ka a Lumo kanali ndi loko, pazenera pali fumbi. Bambo anapukuta galasi ndi dzanja n'kusuzumira mkati, mmene munali mpando uja ndi benchi. Anavula chipewa.

"Lumo, ndine," anatero. "Zonse ndinanena zija ndabweza. Anandinamiza ndi mwanayu."

Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzuwa likuwaomba, thukuta likutsika m'khosi. Ine ndinaima patali, manyazi atandigwira, osadziwa koyang'ana.

Sindinganene kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Bambo amadya, koma pang'ono. Pali masiku amene amangokhala pazenera osayatsa wailesi, ndipo nayini koloko ikakwana amayang'ana kafoni kawo. Ndikawauza kanthu, ngakhale kakang'ono, amandifunsa kuti, "Zoona zimenezo, kapena ndi zija za kwa ana?" ndipo zimandilasa mtima chifukwa ndikudziwa kuti ndinazifuna ndekha. Achimwene anandikalipira kuti ndaika moyo wa Bambo pachiswe, ndipo mwina sakulakwa. Matumba ofiira akubwerabe. Madzulo timadyera pakhonde, iwo uko ine kuno, ndipo akangotsokomola kamodzi ndimayamba kuwerenga masiku kuchokera pamene ndinawameta.

Loweruka la sabata yotsatira ndinatenga dengu la zochapa n'kukhuthulira m'beseni. Munali mashati anayi. Ndinatola yoyera ija n'kutembenuza kolala, ndipo panali kamzere ka litsiro, kakuda bii, kochokera uku mpaka uko. Kwa zaka zambiri kamzere kameneka ndakhala ndikukadandaula. Tsiku limenelo ndinakhala nayo shatiyo m'manja mpaka madzi anazizira, Bambo n'kukuwa ali pakhonde kuti, "Inspekitala, ukuchapa kapena ukuwerenga nyuzi? Shati imeneyo ndikuifuna Lachisanu."